Yemwe Anafunditsa Mazira

Jostein Bakkan anafa chagada pansi pa phompho la kumpoto kwa chilumba cha Aunholm, nsapato imodzi itavuka, maso ali tong'o. Ingunn Solbakk, wapolisi yekhayo wa zilumba zathu zino, anaima pamwamba pa thanthwe la m'mphepete mwa nyanja n'kumuyang'ana kwa kanthawi. Chimene chinamuchititsa manyazi n'chakuti sanamve chisoni. Anamva mantha.

Milungu iwiri m'mbuyomo, pa msonkhano wa osamalira abakha, azakhali ake a Ingunn, a Aslaug, anaimirira n'kumuloza Jostein ndi ndodo yawo, anthu onse akuona. "Iwe, ukadzapondanso kumpoto ndi alendo akowo, udzachoka pachilumba changa atakunyamula." Holo yonse inafa nacho chiseko, poona nkhalamba ya zaka 71 ikuopseza chimunthu chodzaza khomo. Ingunn nayenso anaseka tsiku limenelo. Koma a Aslaug sanali azakhali ongowapatsa moni pa Khirisimasi ayi. Ndiwo anamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, nyanja itameza bambo ake, mayi ake n'kukwera sitima ya ku tauni osabwereranso.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali a Rustad, bwana wake wa kumtunda.

"Wafika?"

"Ndafika, bwana. Wamwaliradi. Mutu wasweka kunkhongo."

"Chifungachi chatitsekera ndege. Tibwera pa boti, tifika cha m'ma 4 koloko. Akuti pali mlendo amene ali magazi okhaokha?"

"Alipo. Wa ku Holland, wojambula zithunzi."

"Ameneyo usamuchotse diso. Nanga ukunong'oneranji? Sindikukumva bwino."

"Ndi mwezi wa Juni, bwana," anatero Ingunn, n'kudula foniyo.

Munthu wa kumtunda sangamve zimenezo. Kwathu kuno Juni ndi mwezi wa abakha a m'nyanja. Amatuluka m'madzi kudzaikira mazira m'tinyumba timene timawamangira, pa ndere zouma zimene timawayalira, ndipo akaswa n'kupita ndi ana awo amatisiyira nthenga zofewa za pachifuwa, zimene timasokera zofunda. Mwezi wonsewo galu saponda pachilumba, mphaka amakasungitsidwa kumtunda, moto sitisonkha m'mawa kuopa utsi, ndipo munthu sakweza mawu ngakhale atapunthwa chala. Alendo odzaona abakha amaloledwa asanu ndi atatu okha patsiku, ndipo amayenda m'kanjira ka kumwera kotchingidwa ndi chingwe. Kumpoto, kumene abakha amaikira poyera m'matanthwe, n'koletsedwa. Alendowo ankabwera nawo ndi Jostein, pa boti lake lolembedwa zilembo zobiriwira zakuti ulendo wolemekeza chilengedwe. Penti sakana mawu.

Ingunn anatsetserekera pansi. Pambali pa mtembowo panakhala mayi wa imvi, mmodzi wa alendo a tsikulo, atavala jekete yachikasu yoonekera patali.

"Ndine Birthe, wa ku Denmark," anatero mayiyo asanafunsidwe. "Unamwino ndaugwira zaka makumi atatu ndi zisanu, ndiye musandiuze kuti ndichoke. Sindikomoka."

"Mwaona chiyani, mayi?"

"Zimene mwaona inuzo, kuwonjezerapo izi." Anatukula dzanja la malemuyo. Zikhadabo zinali zitathyoka, zina zitang'ambika mpaka m'mnofu. "Anagwera apo, pali magazi ambiripo. Tsopano ali pano. Ndi mapazi khumi amenewo, ndipo anawakwawa ndi manja okha, miyendo itafa kale. Munthu uyu sanafe msanga. Theka la ola, mwina kuposa."

"Akanapulumuka?"

"Wina akanangomanga balalo n'kundiitana, pano bwenzi akutukwana anamwino m'chipatala."

Pachifuwa pa juzi ya Jostein panamatirira tinthenga tofiirira. Sitinali tofewa ta m'chisa ayi, tinali ta phiko, tina tothyoka pakati. Ingunn anatola kamodzi n'kukaika m'kathumba.

"Mukhale naye pano mpaka nditabwera," anatero. "Akhwangwala asamuyandikire."

* * *

Mlendo wa ku Holland uja, Wouter Dijkhuis, Ingunn anamupeza m'shedi yosungira maukonde, atakhala pa ndowa yovundikira, kamera yaitali ngati musi ili pamiyendo. Malaya ake anali thapsa ndi magazi. Sanadikire funso.

"Ine ndimakonda mbalame, mayi wapolisi. Nyama sindidya. Ndayenda masiku atatu pa sitima ya pamtunda kuti ndisakwere ndege. Mufunse aliyense."

"Sindinafunse zimene mumadya, bambo. Pa boti munakangana ndi Jostein. Anzanu anamva."

"Sikunali kukangana kwenikweni. Kunali... chabwino, kunali kukangana. Anandilonjeza chithunzi."

"Cha chiyani?"

Wouter anayang'ana pansi. "Bakha ali m'manja mwa munthu, mazira akuoneka m'chisa. Anati kumpoto kuli wina wakalekale, wozolowera anthu, amagwirika. Anati amachitira zimenezo alendo apadera okha. Tili pa boti anayamba kuzembazemba, akuti nkhalamba ya pano yakhala ikumulondalonda. Ndiye ndinapsa mtima. Ndinali nditamupatsa kale kangachepe."

"Munthu wokonda mbalame," anatero Ingunn.

"Chithunzi chimodzi chokha! Mukudziwa kuti chithunzi chabwino chimaphunzitsa anthu angati kukonda chilengedwe?"

"Sindikudziwa. Pitirizani."

"Titafika, cha m'ma 10 koloko, gulu analisiya m'manja mwa mdala wina wotsimphina wa pachilumba pano. Ine anandiuza kuti ndidikire kumapeto kwa chingwe, iye akayambe waona ngati kuli bwino, akamugwire bakhayo, kenako adzandikodole. Ndinadikira ola lathunthu. Sanabwere."

"Simunamve kanthu?"

"Mphepo inkachokera kumbuyo kwanga kupita kumene kunali iye. Ndinkangomva nyanja basi."

"Ndiye munamulondola."

"Inde, koma osati njira ya pamwamba. Ndinaopa kuonedwa. Madzi anali ataphwa, ndiye ndinadzera m'mphepete, m'miyala." Anatambasula miyendo. Buluku linali lonyowa mpaka m'maondo, ndere zitakola m'zingwe za nsapato. "Ndinamupeza chafufumimba. Ndinamutembenuza n'kutsamiritsa mutu wake pamiyendo panga. Ankapumabe. Ankatsegula pakamwa ngati akukuwa, koma mawu anali atatha, kunkangotuluka mpweya. Kenako basi." Nkhope yake inakwinyika, nayamba kulira ngati mwana. "Ndili ndi ana awiri, mayi. Sindinamuphe munthu uja."

Ingunn analemba zonse. Mkangano unalipo, magazi analipo, ola lathunthu lopanda mboni linalipo. A Rustad sakanafunanso china. Ndipo tisabise, mtima wa Ingunn unatsika, unakhala m'malo koyamba chichokereni kunyumba m'mawa uja. Mlendo ndi mame. Uyu akanakwezedwa boti 4 koloko, ndipo pachilumba panalibe ndi mmodzi yemwe womulira. Anamutsekera m'shedimo, n'kutenga chingwe cha apolisi kuti akatchinge njira ya pamwamba. Akanadziwa, nayenso akanadzera m'mphepete.

* * *

Chinamuimitsa ndi fungo. Aliyense wokulira kuno amalidziwa. Bakha akadzidzimutsidwa pachisa amathawa akuwaza chitosi pa mazira ake, chitosi chonunkha choti ngakhale khwangwala amayamba waganiza. Bakha wochoka mwa kufuna kwake, wokamwa madzi, sachita zimenezo. Amayamba wakoka nthenga zofewa ndi mlomo n'kufunditsa mazira bwinobwino, kuti asazizire komanso asaoneke. Choncho chisa chosiyidwa chimakhala chonunkha chili pambalambanda, apo ayi chaukhondo chili chofunditsidwa. Njira yachitatu palibe.

Chisa chimene chinali pamapazi pa Ingunn chinali chonunkha, koma chofunditsidwa.

Anagwada n'kutukula nthengazo ndi chala. Mazira asanu, odetsedwa, akadali otentha. Pamwamba pa nthengazo panali kachipukutu ka ndere zouma kopsinjira kuti mphepo isaziuluze. Anayenda pang'ono, napeza china, chimodzimodzi. Kenako china. Anawerenga zisa zisanu ndi ziwiri mpaka kukafika pamlomo pa phompho. Abakha onsewo anathawa phokoso, ndipo pambuyo pake panadutsa munthu amene anawerama kasanu ndi kawiri. Mlendo sangachite zimenezo, sadziwa n'komwe kuti zimachitidwa. Jostein anali asanaweramirepo dzira chibadwire. Limachita zimenezo ndi dzanja la wosamalira abakha lokha, ndipo limachita mwini wake asanaganize, monga mmene munthu amakokera chitseko potuluka.

Pa chisa choyandikana ndi phompho, nthengazo zinali ndi zidindo zofiira za zala. Wofunditsayo anali atayamba watsikira kwa Jostein. Ndipo pamlomo penipeni panali chisa chachisanu ndi chitatu, chopanda mazira, chopanda nthenga, changotsala dzenje la ndere.

Ingunn anakhala pa mwala. Kupsinja nthenga ndi ndere anakuphunzira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, dzanja lake lili m'dzanja la azakhali ake, pa njira yomweyi.

Pamadzi, chapafupi ndi gombe, abakha asanu ndi awiri ankayandama mozungulirazungulira, makosi ali njo kuyang'ana kumtunda. Ankafuna kubwerera. Chinkawaletsa ndi jekete yachikasu ija pansi pa phompho. Birthe akanangochokapo, pasanathe theka la ola onse akanakwera, aliyense n'kufukula chisa chake n'kukhalapo, zidindo zofiira zija n'kupondedwapondedwa pansi pa chifuwa cha bakha. Pofika 4 koloko a Rustad akanapeza mbalame zili phee pa mazira awo, zokongola ngati za pa positikhadi, ndipo m'polisi yonse ya chigawo chino munalibe wina wodziwa kuwerenga chisa koma Ingunn yekha.

Anatulutsa foni, natsegula kamera, nalozetsa pa zidindo zija. Chala chinaima m'malere. Anaibwezera m'thumba asanajambule. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo Ingunn anadzida chifukwa anadziwa bwinobwino chimene anali kuchita. Nthawi inali itangokwana 2 koloko.

* * *

Osamalira abakha pa Aunholm anatsala awiri okha, a Aslaug ndi a Oddvar. A Oddvar, mdala wotsimphina uja, anali atakhala pa benchi pakhomo pawo, chitini cha fodya wa m'kamwa chili pambali, alendo otsalawo atawatsekera m'nyumba ndi khofi wa m'fulasiki.

"Kodi si Ingunn wathu uyu? Yunifolomu yakukhala, mwana iwe. Ine ndimakukumbukira uli ndi mamina mpaka pachibwano."

"A Oddvar, azakhali anali kuti kuyambira 10 koloko?"

"Moni kaye, ayi? Kusukulu ya apolisiko amakulandani ulemu pachipata?"

"Mwaswera bwanji, a Oddvar. Azakhali anali kuti?"

"Kuseri kwa nyumba yawo, akutembenuza ndere. Ndimawaona pawindo langa ili."

"M'mawa wonse?"

"Wonse. Pali manda a mkazi wanga."

"Asiyeni a Magnhild agone, sanakulakwireni. Kuyambira 10 koloko inu munali kumwera ndi alendo asanu ndi awiri, chifukwa Jostein anakusiyirani gulu. Windolo munaliika m'thumba?"

Mdalayo anatafuna fodya wake pang'onopang'ono, akuyang'ana nyanja.

"Ndadzera njira ya pamwamba," anatero Ingunn. "Ndaziona zisa zija."

Nsagwada zinaima.

"Ndine ndinafunditsa," anatero a Oddvar. "Ndinawasiya alendo pang'ono n'kuthamangirako. Lemba zimenezo. Manja anga ndi awa."

Ingunn anatenga chitini cha fodya chija pa benchi n'kuchiika pansi, pafupi ndi phazi lawo. "Tolani."

A Oddvar anachiyang'ana chitinicho. Anatambasula dzanja, nawerama pang'ono, nkhope n'kukwinyika, chiuno chawo choikidwa chitsulo kuchipatala chitakana. Zala zinathera m'malere, kutali ndi chitini. Anawongoka akupumira m'mwamba.

"Kamwana koipa iwe," anatero. "Unali woipa kuyambira kale."

"Kasanu ndi kawiri, a Oddvar. Inu simungathe ngakhale kamodzi." Anatola chitinicho n'kuwabwezera m'manja.

Mdalayo anachifumbatira. Polankhulanso, nthabwala zinali zitathawa m'mawu mwake. "Chaka chatha Jostein anatithamangitsira abakha makumi anayi ndi maulendo ake akubawo. Bakha akanyanyala malo sabwereranso, iwe ukudziwa. Tinadandaula ku boma, anatiyankha ndi kalata yokongola. Azakhali ako akachoka pano, chilumba chino chatha. Ine ndi chiuno ichi, achinyamata onse ali ku tauni. Alendowo adzabwera kudzaona chiyani, miyala?" Anatsitsanso mawu. "Palibe akukupempha kuti uname, Ingunn. Mayi wa jekete yachikasu uja wazizidwa kumene kuja. Ingomuitana adzamwe khofi. Zotsalazo abakha akonza okha."

"Nanga mlendo ali m'shedi uja? Ali ndi ana awiri."

"Kwawo kuli maloya abwino. Mako ndi mako, mwana wanga, usamuone kuchepa mwendo."

Choopsa n'chakuti mawuwo anamukomera Ingunn. Akuyenda kupita kunyumba imene anakuliramo, anapangana ndi mtima wake motere: ngati inali ngozi, ngati Jostein anaterereka pokanganapo ndipo nkhalamba inathawa ndi mantha, amuitana Birthe, ndipo za mlendoyo adzaona pozikonzera. Anangofuna kumva kuchokera pakamwa pa eni ake.

* * *

"Vula nsapato," anatero a Aslaug, Ingunn asanalowe n'komwe. "Wadya?"

M'khitchini munali mozizira, mbaula ili yozima. Nkhalambayo inakhala pa kampando kake ka pawindo, manja a juzi ali onyowa mpaka m'zigongono, chipinda chonse chikununkhira sopo. Ndodo inali itatsamira kukhoma, nayonso yotsukidwa.

"Sindinadye, azakhali. Sindikumva njala."

"Apolisi sadya? Pali buledi ndi nsomba apo. Waonda ngati khasu."

Pansi pa benchi panamveka kaphokoso, kokhala ngati munthu akung'ung'udza m'tulo. Ingunn anagwada n'kukoka katoni imene inali pamenepo. M'katimo munali bakha wamkazi, wofiirira, phiko lakumanzere litamangidwa ku thupi ndi sokosi yaubweya. Anali atakhala pa mazira ake, pa nthenga zake zomwe. Anamuyang'ana Ingunn ndi diso limodzi, osatekeseka.

"Ndi Petra ameneyo," anatero a Aslaug. "Ukumukumbukira? Anayamba kuikira pamlomo pa phompho paja chaka chimene unamaliza sukulu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, malo omwewo. Usamugwire, phikolo likupweteka."

Ingunn anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi katoniyo. "Ndiuzeni, azakhali."

A Aslaug sanapite m'mbali. Sanali munthu wa bodza. Moyo wawo wonse amene ankanama m'malo mwawo anali a Oddvar.

"Ndinamuona ndili pachitunda, akuyenda chowerama ngati mbala. Ndinamulondola. Pofika ndinapeza wamunyamula kale Petra, wamupana m'khwapa, mapiko akuphupha. Ndinati, Jostein, mubwezere. Anaseka. Akuti gogo, pitani mukaluke masokosi, mbalameyi imadyetsa ine ndi inu tonse. Ndiye ndinamumenya ndi ndodo pamkono kuti amusiye."

"Pamkono pokha?"

"Pamkono, kamodzi. Anabwerera m'mbuyo, mwala unali wonyowa. Anapita naye Petra yemwe. Abakha onse a m'njiramo anauluka nthawi imodzi, phuu."

Ingunn anatulutsa mpweya umene anausunga chichokereni pa zisa zija. Ngozi. Inali ngozi. Misozi ya mpumulo inatsala pang'ono kutuluka, ndipo dzanja linali litayamba kale kufunafuna nsapato kuti akamuitane Birthe.

"Ndiye munatsika kukamuthandiza," anatero.

"Ndinatsika."

"Munamugwira balalo. N'chifukwa chake manja anali ndi magazi."

"Ayi. Anali atamugonera Petra. Ndinamukankha paphewa kuti ndimusolole. Chimunthu cholemera chija, ndinavutika. Phiko linali litathyoka kale."

Dzanja la Ingunn linasiya nsapato. "Kenako?"

"Kenako mazira, nanga n'chiyani? Zisa zisanu ndi ziwiri zili pambalambanda, mphepo ikuzizira, akhwangwala atatu akuzungulira kale pamwamba. Ukanakhala iwe ukanawasiya? Ndinamuika Petra m'epuloni pamodzi ndi mazira ake, n'kuyamba kufunditsa."

"Foni munali nayo?"

"M'thumba, monga unandilamulira."

"Simunaimbe."

"Ndege ya odwala kumpoto mwezi wa Juni?" A Aslaug anamuyang'ana ngati wafunsa zamisala. "Chiphokoso chimene chija? Sipakanatsala bakha ngakhale mmodzi pachilumba chino."

"Kumwera kunali namwino, azakhali. Ulendo wa mphindi khumi. Akuti akanamupulumutsa."

"Sindinadziwe kuti kuli namwino."

"Mukanadziwa?"

Nkhalambayo inaganizira funsolo moona mtima, ikusisita bondo. "Ndikanamaliza kaye zisa," inatero.

Panatsala funso limodzi, ndipo Ingunn sanafune kulifunsa. Anaganiza za mlendo uja akuti pakamwa pankatseguka koma mawu anali atatha.

"Pamene munkafunditsa paja, Jostein anali chete?"

"Ayi. Ankaitana."

"Ankati chiyani?"

"Dzina langa. Kenako amayi ake. Kenako dzina langanso. Akuti Aslaug, miyendo yanga, Aslaug, chonde."

"Inu munatani?"

"Nditamaliza chisa chachitatu ndinabwerera, n'kusuzumira pansipo." A Aslaug anawerama n'kukonza sokosi ya pa phiko la Petra ndi chala chimodzi, mosamala. "Ndinamuuza kuti atsitse mawu. Abakha sakanabwerera ndi phokoso limene lija."

Sanazinene mwankhanza. Akanazinena mwankhanza, mokalipa, mwina Ingunn akanapeza pobisala. Anazinena monga mmene ankanenera kuti madzi aphwa nthawi yakuti, ndipo anadikira kuti mwana amene anamuphunzitsa okha avomereze kuti n'zoona. Ingunn anayang'ana manja aja, manja amene anamusambitsa, anamuluka tsitsi, anamupukuta misozi tsiku limene boti la bambo ake linapezeka lopanda munthu. Ankawakondabe chimodzimodzi, ndipo chinamupweteka kwambiri n'chimenecho.

Anavala nsapato zake m'khitchini momwemo, chinthu chimene anali asanachitepo. Anatulutsa foni n'kulembera a Rustad kuti mlendo alibe mlandu, wolakwa wapezeka, ndipo mayi wa jekete yachikasu asasunthidwe pamene alipo mpaka zisa za njira ya pamwamba zitajambulidwa. Anawerenga uthengawo kamodzi, nautumiza msanga chala chisanayambenso kuganiza. Kenako anaimirira.

"Aslaug Solbakk, ndikukumangani chifukwa cha imfa ya Jostein Bakkan."

Nkhalambayo inakweza mutu. Inamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa, nthawi yaitali.

"Aslaug Solbakk," inabwereza. "Ha. Uzakhali watha lero?"

"Sunathe," anatero Ingunn. Anatenga jekete yawo yaubweya pa msomali n'kuwatambasulira kuti alowetse manja. "Ukanatha bwenzi zili zosavuta. Valani, panyanja pakuzizira."